Galasi likasweka ku Fíngoè tithamangire kwa yani?

Mwezi wa Julayi chaka chatha ndidakwera lole ya mtundu wa Canter kuchokera ku Malowera kubwera kuno ku Fíngoè. Anzanga adakhala kumbuyo pamwamba pa matumba a chimanga, koma ine, chifukwa cha imvi zangazi, adandiika kutsogolo pamodzi ndi dalaivala. Tili pakati pa ulendo tidakumana ndi galimoto ina imene inkathamanga ngati ikuthamangitsidwa ndi njuchi. Itangotipitirira tidamva kuti thwa! pa galasi lakutsogolo, lija madalaivala athu amati parabiriza, ndipo fumbi litatsika tidaona kanyenyezi kakang'ono kosaposa chikhadabo, kumbali imene ndidakhala ine. Dalaivala, mnyamata waulemu wake, adakakhudza ndi chala nati: "Madala, musadandaule, aka n'kachilonda chabe."

Patapita milungu itatu ndidapeza lole ija itaima pansi pa mtengo, kumaso kwake kuli pululu. Kachilonda kaja kadabala mng'alu umene udayenda mpaka kukadutsa pamaso pa dalaivala, kotero kuti usiku nyali za galimoto zina zinkamuthobwa m'maso. Mwini lole adaona kuti kupita ku Tete ndi lole yopanda katundu n'kuwotcha mafuta pachabe, ndipo adatumiza ndalama kuti amugulire galasi latsopano. Atamva kuti galasi lanyamuka, anyamata ake adachotseratu lakale ndi kuliphwanya pochotsapo. Latsopanolo lidafika litasweka, pakuti amene adalinyamula adaligoneka pamwamba pa katundu. Adaitanitsa lachiwiri, ndipo lidafika bwino, koma woliika padalibe, mpaka adachita kuitana mmisiri wa ku Tete ndi kumulipira ulendo wobwera ndi wobwerera, chakudya ndi pogona. Lole idakhala milungu iwiri osanyamula ngakhale thumba limodzi, pakati penipeni pa nyengo yogulitsa zokolola, ndipo mwini wake adagulitsa ng'ombe kuti abweze ngongole.

Abale anga a ku Fíngoè, Malowera, Chiputo ndi Chipera, ndalemba nkhaniyi chifukwa kanyenyezi kaja kadali kochizika. Munthu wodziwa ntchito akadakatseka pa theka la ola, ndipo ng'ombe ija ikadakhala ili m'khola mpaka lero. Pamsika pathu omata matayala alipo, owotcherera zitsulo alipo, amakaniko a njinga zamoto ndiye osawerengeka, koma mmisiri wa magalasi ine ndidamufunafuna osamupeza. Maganizo anga ndi akuti boma la Marávia likusowa mmisiri wotere, ndipo tisadikire kuti atsike kuchokera ku Tete kapena ku Maputo. Tiyenera kumuphunzitsa tokha kuchokera pakati pa ana athu. Koma tisadafike pamenepo, tiyeni tiyambe tadziwa chinthu chimene tikukambachi, pakuti safunsa adadya phula.

Ambiri a ife timaganiza kuti galasi ndi galasi basi, pamene mitundu imene timakumana nayo tsiku ndi tsiku ilipo itatu. Woyamba ndi galasi la mazenera a nyumba. Limeneli limadulika mosavuta ndi kachitsulo kodulira, ndipo likasweka limatuluka zidutswa zazitali zakuthwa ngati mipeni. Wachiwiri ndi galasi la m'mbali ndi kumbuyo kwa galimoto. Limeneli ku fakitale amaliwotcha pa moto wopitirira madigiri 600 kenaka n'kuliziziritsa mwadzidzidzi ndi mphepo, ndipo limalimba kwambiri. Likasweka limangoti waa! lonse nthawi imodzi, n'kusanduka tizidutswa ngati mphale, tosacheka kwambiri. Galasi lotere silidulika ndipo silikonzeka. Amene angakuuzeni kuti adula galasi la chitseko cha Hilux kuti likwane pa Hiace akukunamizani, pakuti likangokandidwa mozama limaphulika lonse.

Wachitatu ndi galasi lakutsogolo. Ngakhale limaoneka ngati limodzi, awa ndi magalasi awiri omatidwa pamodzi, pakati pake pali kachikopa ka pulasitiki koonekera. Nzeru imeneyi idachokera kwa Mfalansa wina dzina lake Édouard Bénédictus, amene adailembetsa m'chaka cha 1909. Mwala ukaligunda, kawirikawiri umaswa galasi lakunja lokha, ndipo pulasitiki ija imagwira zidutswa kuti zisagwere anthu kumaso. Pa ngozi yaikulu limathandizanso kuti munthu asaponyedwe kunja. Pakona ya galasi lililonse la galimoto pali tizilembo. Mukaona mawu akuti laminated kapena laminado, limenelo ndi la zikopa ziwiri. Mukaona tempered, toughened kapena temperado, ndi lowotcha lija. Galasi lopanda chilembo chilichonse muzilikayikira.

Apa ndi pamene pali mlandu wanga woyamba, ndipo ndikuupereka kwa eni magalimoto onyamula anthu. Ndaonapo ndi maso anga xapa imene zenera lake la m'mbali adatsekapo ndi galasi la nyumba, lodulidwa bwino ndi kumatidwa ndi phala. Mwini wake ankanyadira kuti wapulumutsa ndalama. Koma amene amakhala pafupi ndi zenera limenelo ndi mayi wobereka mwana, ndi nkhalamba yopita kuchipatala, ndi mwana wa sukulu. Tsiku limene galimotoyo idzagwere m'dzenje kapena kugubuduka, galasi limenelo lidzasanduka mipeni, ndipo mtsempha wa pakhosi ukadulika pa msewu wa ku Zumbo palibe dokotala amene angafike nthawi yake. Ndikupempha makolo ndi onse okwera kuti mukaona zotere muzilankhula. Katoni kapena pepala la pulasitiki pa zenera n'zonyansa kuziona, koma sizipha munthu. Ngati galasi loyenera likuchedwa, kuli pulasitiki yolimba yoonekera imene imadulika ndi sowo, ndipo ingathe kugwirizira pa zenera la m'mbali kwa kanthawi. Kutsogolo kokha ayi, chifukwa imakandika msanga ndi fumbi ndipo dalaivala saona bwino.

Tsopano tibwerere ku kanyenyezi kaja. N'chifukwa chiyani kamakula? Galimoto ikamayenda pa msewu wa mabampu thupi lake lonse limapindika pang'onopang'ono, ndipo galasi limapindika nalo. Pamene pali chilonda ndi pamene mphamvu yonse imasonkhana. Chachiwiri ndi kutentha. Mwezi wa Okutobala galasi limatentha ngati chiwaya, ndiye wina amabwera ndi ndowa ya madzi ozizira a pachitsime n'kulithira. Galasi lakunja limakhwinyata mwadzidzidzi ndipo mng'alu umathamanga pomwepo. Chachitatu ndi fumbi ndi madzi zimene zimalowa m'chilondamo. Zimenezi zikalowa, ngakhale mmisiri atabwera mawa lake, mankhwala ake sagwira bwino ndipo chipsera chimaonekabe.

Choncho mwala ukakugundani, chitani izi tsiku lomwelo. Pukutani pamalopo ndi kansalu kouma, osathira madzi, ndipo matanipo selotepi yoonekera kunja kwake kuti fumbi lisalowe. Musakolowole ndi msomali kapena waya. Musathiremo guluu wa nsapato kapena uja womatira mbale, pakuti akauma amatseka njira ya mankhwala enieni. Imikani galimoto pamthunzi, tsekani zitseko mofatsa, ndipo yendani pang'onopang'ono pa mabampu. Selotepi sichiza, imangosunga chilonda chili choyera kufikira mutapeza mmisiri. Dalaivala aliyense wa m'boma lino ayenera kuyenda ndi kampukutu ka selotepi m'galimoto monga amayendera ndi jeke ndi sipanala.

Ntchito ya mmisiriyo si yamatsenga. Ali ndi kachipangizo kamene amakakamiza pa galasi, kamene kamakoka mpweya wa m'chilonda ndi kukankhiramo utomoni woonekera ngati madzi, umene pa Chipwitikizi amati resina. Utomoniwo ukadzaza ming'alu yonse amauumitsa ndi kanyali kapadera kapena ndi dzuwa lenileni, chifukwa kuwala kwa dzuwa ndiko kumaulimbitsa. Pomaliza amapala pamwamba ndi lezala. Zipangizo zonsezi zimakwana m'kachikwama kamodzi, ndipo munthu angathe kuzinyamula pa njinga kupita nazo kumene galimoto yaima. Koma ntchitoyi ili ndi malire ake, ndipo mmisiri woona mtima adzakuuzani. Chilonda chosaposa chitsekero cha botolo chimachizika. Chikakhala m'mphepete mwenimweni mwa galasi, kapena chaboola magalasi onse awiri, kapena chili pamaso penipeni pa dalaivala, kapena mng'alu watalika kale, pamenepo n'kusintha galasi lonse basi. M'mera mpoyamba, adatero akuluakulu.

Nanga galasi likafuna kusinthidwa, tilipeza kuti? Padakali pano njira zathu ndi ziwiri. Yoyamba ndi ya ku mzinda wa Tete, ulendo wa makilomita oposa 200, kutsata msewu wa N303 mpaka pa Bene kenaka N9. Yachiwiri ndi ya ku Zambia, ku matauni monga Petauke, Katete ndi Chipata. Mwayi wathu ndi wakuti maiko onse awiriwa timayendetsa kumanzere ndipo magalimoto ambiri ndi omwewo ochokera ku Japan, kotero galasi la Canter ya ku Katete limakwana pa Canter ya ku Fíngoè ngati zili za mtundu ndi zaka zofanana. Amene asankha njira ya ku Zambia adutse pa chipata chovomerezeka, monga cha Chanida ndi Cassacatiza, alipire za kasitomu ndi kusunga lisiti. Galasi lalikulu si thumba la sopo loti n'kuzemba nalo m'tinjira ta m'thengo pa njinga yamoto. Lidzasweka, kapena lidzalandidwa, ndipo mudzalira kawiri.

Magalasi a galimoto amene timagula amachokera kunja, ena ku South Africa kumene kuli fakitale ya Shatterprufe, ena ku China, ndipo ena ndi ochotsedwa pa magalimoto akufa kumalo a sukata. N'chifukwa chake wogulitsa sakhala ndi mtundu uliwonse, ndipo nthawi zina amachita kuitanitsa. Musananyamuke kapena kutumiza ndalama pa e-Mola kapena M-Pesa, imbani foni kaye. Kungonena kuti "ndikufuna galasi la Toyota" sikokwanira, pakuti ma Toyota alipo mitundu yambirimbiri ndipo mtundu umodzi womwewo umasintha ndi zaka. Tengani livireti ya galimoto, muwerengereni wogulitsa nambala ya shasi, yezani galasi lakale m'litali ndi m'lifupi, ndipo ngati foni yanu imajambula, jambulani galasilo pamodzi ndi tizilembo ta pakona. Mufunsenso ngati mtengo umene akutchula ukuphatikiza mphira wa m'mbali ndi ntchito yoika. Galasi la sukata muzigula mutaliona nokha padzuwa, chifukwa lina limakhala lokandikakandika ndipo usiku limabalalitsa kuwala, lina limakhala litayamba kuyera m'mphepete, kusonyeza kuti madzi adalowa pakati pa zikopa zake.

Kanyamulidwe nakonso ndi nzeru. Galasi saligoneka. Liyenera kuima chilili pa m'mphepete mwake, pansi pake pali mphira kapena bulangeti, m'mbali muli matabwa, lomangidwa kuti lisagwedezeke, ndipo pasakhale thumba lolitsamira. Likagona, bampu lililonse limalipinda pakati, ndipo lisadafike pa Bene latha kale. Kaikidwe kali pawiri. Malole ambiri ndi magalimoto akale galasi lake limakhala mu mphira, ndipo anthu awiri odziwa amaliika ndi chingwe chokha, wina akukankha kunja, wina akukoka chingwe mkati. Magalimoto atsopano galasi lake amachita kulimata ku chitsulo ndi guluu wakuda wapadera wa poliyuretani, ndipo galimoto iyenera kuima maola amene alembedwa pa chubu cha guluuyo isadayambe ulendo. Pa magalimoto otere galasi limathandiza kuchirikiza denga galimoto ikagubuduka. Amene amamata ndi silikoni wa m'bafa akuika moyo wa anthu pachiswe, ndiponso mvula ya Januwale idzamuyalutsa.

Wina anena kuti: "Inu a kalata, magalimoto a ku Marávia ndi angati kuti munthu adye nawo nsima chaka chonse?" Funsoli ndi lanzeru ndipo sindilithawa. Zoona, munthu wongodikira parabiriza yekha angagone ndi njala miyezi ya dzinja pamene misewu yadulika. Koma tayang'anani mazenera a nyumba zathu. Liwu lomwe lakuti zenera tidatengera kwa Apwitikizi, ndipo kale nyumba za magalasi zidali za atsamunda ndi masitolo okha. Lero mlimi akagulitsa fodya kapena chimanga amawotcha njerwa, amagula malata, amawotcheretsa mafelemu a zitsulo, kenaka mazenera amakhala chaka chonse otsekedwa ndi njerwa kapena masaka chifukwa galasi lili kutali. Pitani m'masukulu athu mwezi wa Juni muone ana akunjenjemera m'makalasi a mazenera opanda magalasi, ndipo nthawi ya mvula makope akunyowa. Pitani ku zipatala zazing'ono, ku matchalitchi, ku mabaraka. Ntchito ilipo yambiri, ikungosowa mwini.

Ndipo ntchito ya galasi la nyumba ndi yophunzirika msanga. Chofunika ndi tebulo losalala loyalapo bulangeti, chodulira, thabwa lowongoka, tepi yoyezera ndi phala lomatira. Mazenera wamba amafuna galasi la mamilimita 3 kapena 4. Mmisiri amadula galasi lochepera pang'ono pa felemu, ngati mamilimita 3, kuti chitsulo chikatentha ndi kuzizira chisalifinye. Galasi lalikulu losweka salitaya, amadulamo ting'onoting'ono ta mazenera ena. Munthu yemweyo angathe kuika sefa yotchinga udzudzu, kudula akalilole a njinga zamoto ndi a m'malo ometera, kukonza zitseko za galimoto zimene galasi lake lakana kukwera, ndi kusintha mphira wa zopukutira mvula. Akakula pa ntchito angaphunzirenso kudula galasi la zikopa ziwiri lathyathyathya, limene limakwana pa mathirakitala, pa Land Rover zakale ndi pa mazenera ena a malole. Zonsezi zikaphatikizana, banja limodzi kapena awiri angadye bwino ndithu.

Wina anenanso kuti: "Vuto ndi msewu. Akathira phula kuchokera pa Bene mpaka ku Zumbo, miyala idzatha ndipo masitolo adzabwera okha." Inenso phula ndikulifuna, ndipo sindidzaleka kulipempha pa tsamba lino. Koma fodya wako ndi amene ali pamphuno. Msewu umenewu taulira zaka zambiri, ndipo magalasi akusweka lero. Ngakhale pa msewu wa phula wa ku Cassacatiza miyala imauluka ndithu kuchokera ku matayala a malole akuluakulu. Komanso phula likadzafika magalimoto adzachuluka, ndipo ngati mwana wa kuno sadzakhala atadziwa ntchitoyi, adzabwera wa kwina kudzatsegula sitolo, ife n'kumangomusesera pakhomo.

Tikumbuke kumene tachokera. Nkhondo itatha ndi pangano la ku Roma pa 4 Okutobala 1992, ndipo abale athu atabwerera kuchokera ku Ukwimi ndi madera ena a Zambia, boma lino lidalibe pafupifupi chilichonse. Milatho idali yogumuka, misewu idali ndi mabomba okwirira, masitolo adali mabwinja. Amene adayamba kumata matayala ndi kuwotcherera zitsulo sadadikire kampani. Adaphunzira kwa anzawo, ena ku Zambia komweko, nabwera ndi zipangizo m'thumba. M'chaka cha 2015 dziko lathu lidalengeza kuti lamaliza kuchotsa mabomba okwirira amene ankadziwika. Anthu amene adapirira zonsezi sangalephere kudula galasi.

Tsono pempho langa loyamba likupita kwa a administradoro ndi akuluakulu a maofesi a boma la Marávia, makamaka a zomangamanga ndi a ntchito za chuma. Sankhani anyamata ndi atsikana awiri kapena atatu, mmodzi wa ku Fíngoè, wina wa ku Malowera, muwatumize ku Tete akakhale miyezi ingapo m'manja mwa mmisiri wodziwa. Kambiranani ndi a IFPELAC, amene amaphunzitsa ntchito za manja m'chigawo chino, kuti muone mmene angathandizire. Akabwerako, ntchito yoyamba muwapatse ndinu: mazenera a sukulu ndi a zipatala, magalasi a ambulansi ndi a magalimoto a boma. Tidaona m'chaka cha 2006 boma litayamba kupereka ndalama zija tinkati sete milhões, ndipo tikudziwa kuti ngongole zambiri sizidabwezedwe. Phunziro lake ndi lakuti kupatsa munthu ndalama wopanda luso ndi wopanda msika n'kuthira madzi m'dengu. Apa ndikupempha zinthu zitatu zoyendera pamodzi: luso, zipangizo ndi ntchito yoyambira.

Pempho lachiwiri likupita kwa eni malole ndi ma xapa. Mutu umodzi susenza denga. Magalimoto amene amayenda m'boma lino ndi a mitundu yowerengeka: Canter, Dyna, Hiace, Hilux, Land Cruiser. Khalani pansi, lembani mitundu ndi zaka za magalimoto anu, sonkhani ndalama, ndipo mugule magalasi angapo a mitundu yofala kuti azisungidwa pamalo amodzi m'bokosi la matabwa. Amene galasi lake lasweka atenge pomwepo ndi kubweza ndalama kuti ligulidwe lina. Lole imodzi yopita ku Tete ikhale ndi chimango chabwino chonyamulira magalasi, ndipo mwini wake azilandira kangachepe. Mukamagula pamodzi, wogulitsa adzakumverani pa mtengo kusiyana ndi munthu mmodzi wobwera thukuta lili kamukamu. Musaiwalenso kuti kuyambira chaka cha 2010 magalimoto a m'dziko muno amayenera kupimidwa nthawi ndi nthawi, ndipo galasi lotchinga maso a dalaivala ndi chimodzi mwa zinthu zimene opima ndi apolisi a pamsewu amayang'ana. Ndalama ya chindapusa ndi bwino ipite ku galasi.

Pempho lachitatu likupita kwa madalaivala, ndipo limeneli silifuna ndalama. Miyala siuluka yokha, imaulutsidwa ndi liwiro. Mukamakumana ndi mnzanu pa msewu wa miyala, nonse awiri chepetsani moto ndipo patukiranani. Mukamatsatira lole, siyani mpata waukulu, musalowe m'fumbi lake. Amene amanyamula miyala ndi mchenga afunditse katundu wawo. Mwambo uja wogwira galasi ndi chala pokumana ndi galimoto ina sutchinjiriza kanthu, chotchinjiriza ndi phazi lanu kulichotsa pa moto. Mawuwa ndikuuzanso oyendetsa magalimoto a maofesi ndi a mabungwe, pakuti galasi lawo likasweka amalipira ndi ofesi, pamene la mlimi imalipira ndi ng'ombe. Ndipo a ANE ndi makontirakita amene amakonza misewu, akathira miyala aziipsinja bwino, osaisiya ili mbwee pamwamba.

Kwa mafumu, anyakwawa, aphunzitsi ndi makolo ndikuti tilangize ana. Legeni ndi ya mbalame za m'munda, ndipo mpira usaseweredwe pafupi ndi mazenera a kalasi. Galasi la sukulu likasweka, komiti ya makolo ikhale pansi ndi banja la mwanayo, zenera likonzedwe mwezi womwewo. Zenera limodzi likasiyidwa, chaka chisadathe onse amatsatira, chifukwa ana amaona kuti akuluakulu alibe nazo ntchito.

Pomaliza ndikulankhula nanu achinyamata amene mwamaliza kalasi ya 10 kapena 12 ndipo mukungokhala pamsika kudikira ntchito ya mu ofesi. Ena mwa inu mukuganiza zopita ku migodi ya golide, ena ku Moatize, ena ku Joni. Ntchito iyi ili pakhomo panu ndipo palibe amene akukulimbiranani. Imafuna dzanja lofatsa, diso loyeza bwino, magolovesi, ndi mtima wosanamiza kasitomala. Amene adzayambe, auze anthu zoona: ichi ndingathe, ichi pitani nacho ku Tete. Akatero mbiri yake idzafika ku Zumbo ndi ku Chifunde iye asadapondeko.

Lole ija ikuyendanso tsopano, ndipo mlungu wathawu ndidakwera. Pa galasi latsopano lija pali kale kanyenyezi kena, koma ulendo uno dalaivala adamatapo selotepi, nandifunsa kuti: "Madala, nanga mmisiri uja mumanena adzabwera liti?" Ine ndidalibe yankho, ndipo funso lake ndalipereka kwa inu a boma, eni magalimoto ndi makolo. Mvula ikubwera, ndipo mng'alu sudikira msonkhano. Amene ali ndi maganizo ena, kapena akudziwa mmisiri wa magalasi amene akugwira kale ntchito m'midzi yathu, alembere tsamba lino kuti tonse timudziwe ndi kumupatsa ntchito.